Agogo, Galu Wawo ndi Dothi la ku Dambo

Kale kwathu ku Dedza, m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, maliro sankathera kumanda. Pakapita masiku owerengeka anthu ankameta koyamba, obwera kutali n'kumwazikana, koma wamasiye ankakhalabe womangika mpaka kumeta kwachiwiri. Kumeneko kunkadikira kuti dzinja lithe, anthu akolole, chimera chiume, mowa uphikidwe. Nthawi zina chaka chinkangotsala pang'ono kukwana. Za gule ndi mowa wa tsiku limenelo mwamva kale kwa ena, ana inu. Ine ndikuuzani za miyezi yapakatiyo ndi zaka zotsatira, zimene okamba mbiri amazidumpha chifukwa mulibe ng'oma.

Ife Achewa kukhuza maliro timakutha. Munthu sagona yekha pasiwa, nkhuni zimabwera, ufa umabwera, amayi amachezera kuimba mpaka mbandakucha. Koma mphasa zikangopindidwa aliyense amakumbukira munda wake, ndipo sindiwadzudzula, udzu sudikira munthu. Wotsalayo ndiye amadzuka m'mawa n'kupeza kuti palibenso woti am'phikire phala, palibenso wokangana naye.

Agogo anga, amene anabereka amayi, anthu ankawaitana ndi chiwongo chawo, aNabanda. Pa utsikana wawo anali mmisiri woumba, luso lotengera kwa amayi awo. Masiku amenewo ntchito zinali zogawana bwino lomwe. Kusula makasu, kusema mitondo, kuluka nkhokwe ndi mphasa zinali za amuna, dothi linali la akazi. Lero ku Dedza boma mukaona amuna akuumba makapu pa chozungulira, koma kale mwamuna wokanya mtapo akanasekedwa mudzi wonse. Ndipo panalibe nyumba yokhala popanda woumba: mtsuko wa madzi akumwa, nkhali ya nsima, mphika wa ndiwo, mkhate wosambira, mbiya ya mowa, zonsezo zinkachokera m'manja mwa amayi. Ofukula zakale, monga a Yusuf Juwayeyi amene anakumba ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la a Kalonga, chimene amatola chochuluka ndi mapale. Mayina a mafumu tinawasunga, a amayi amene anaumba miphikayo anapita ndi mphepo.

Ine pobadwa ndinapeza agogo atasiya kale kuumba. Agogo aamuna anapita ku Joni nkhondo ya Hitler itangotha. Sanalembetse kwa Wenela ngati anzawo ambiri, anapita selefu, wapansi, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kugwira maganyu ku Salisbury kuti apeze ya sitima. Pobwera anabwera ndi njinga, jasi, sutikesi yachitsulo ndi mapoto onyezimira a m'sitolo. Mapotowo ndiwo anatseka dzenje la mtapo. Anati mkazi wa munthu wobwera ku Joni asamaoneke ndi matope m'zikhadabo, anthu angati mwamuna wake anabwera chimanjamanja. Agogo sanatsutse. Ndikuganiza kuti poyamba zinawakomeranso, ndani safuna kudyera m'mbale yamaluwa?

Koma m'chifuwa mwa agogo aamuna munabweranso fumbi la mumgodi. Anatsokomola zaka, kuyamba ndi usiku wokha, kenako usana ndi usiku, mpaka khasu linawakanika. Zitsamba zinayesedwa, kuchipatala cha mishoni ananyamulidwa. Agogo aakazi anasanduka wolima, wotunga, wophika ndi wodwazika nthawi imodzi. Ngakhale akanaloledwa, nthawi youmba ikanachokera kuti? Agogo aamuna anamwalira mvula itayamba mu 1958, chaka chimene Kamuzu anabwera. Pofika mwezi wa March 1959 boma la atsamunda linalengeza za chipwirikiti, Kamuzu n'kumangidwa kupita naye ku Gweru, ndipo pabwalo, pachitsime, pamowa, nkhani inali imodzi yokha. Za mayi wokalamba wokhala pakhonde panalibe wozikumbuka.

Popeza agogo aamuna anali mkamwini, munda ndi nyumba zinali za agogo aakazi, panalibe wowathamangitsa. Pamenepa chikamwini tichiyamikire, akazi a kumene amalowola ankaona zina. Koma akuchimuna anabwera kudzatenga za m'bale wawo: njinga, jasi, sutikesi, mkondo, ndi galu wamkazi wosaka amene malemuwo ankamukonda. Ngakhale mapoto aja anawerengedwa kuti ndi a ku Joni, anapita. Lero pali lamulo la chuma cha masiye la 2011 loteteza mkazi ndi ana, kale zinali pamaso pa ankhoswe basi. Galuyo anali ndi ana. Onenepa anagawana, koma kamodzi kofooka, kamiyendo yopyapyala, anakasiya pansi pa nkhokwe poganiza kuti sikafika mawa.

Ine ndinali kamtsikana, ndipo amayi ananditumiza kuti ndizikagona kwa agogo. Ndimakumbukira nsima ikubwerera yosakhudzidwa. Ankakhala pakhonde atatambalala, mpango wakuda kumutu, kuyang'ana kumene kulibe kanthu. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino, koma osawonjezera liwu. Kagalu kaja usiku kankalira pansi pa nkhokwe, kulira kosalekeza. Usiku woyamba anati, "Iwe, mawa ukakataye kameneko kudambo." Ine ndinachita ngati ndaiwala. Patapita masiku ndinadzidzimuka pakati pa usiku n'kupeza chitseko chili pululu. Agogo anali panja, atagwada pafupi ndi nkhokwe, akufinya mkute m'madzi ofunda ndi zala, kagalu kakunyambita m'dzanja lawo. Atandiona anati, "Ndikungofuna kakhale chete, tigone."

Kanachira. Agalu akumudzi kale ankapatsidwa mayina olasa, oti mwini anene zakukhosi popanda mlandu. Agogo anakatcha Mwaiwala. Akuchimuna aja akamadutsa panjira ya kumsika, mmodzi atakwera njinga yomwe ija, agogo ankatuluka n'kuitana galu wawo mokweza, mudzi wonse n'kumva. Ndani akanawatengera kubwalo chifukwa choitana galu?

Atakolola, mowa unaphikidwa, anthu anameta kachiwiri. Panabwera nkhani ya chokolo, mng'ono wa malemu anali wokonzeka kulowa m'nyumba. Agogo anayankha mwaulemu wonse, maso pansi, kuti, "Ndadwazika mmodzi, zakwana." Akuchimuna anawasudzula, agogo anavula mpango wakuda. Koma musaganize kuti mtima umamva tsiku la mwambo. Anakhalabe pakhonde pomwepo, kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano pamapazi pawo pankagona galu.

Chimene chinawadzutsa chinali nkhuku. Galu kumudzi ankadyera pansi, ukamuponyera nkhoko kapena mkute m'fumbi, zake zimenezo. Koma Mwaiwala anali wofatsa mopusa, nkhuku zinkamulanda chakudya pakamwa iye n'kumangoyang'ana. Tsiku lina agogo anandituma kuti ndikagobe dothi pachulu cha kuseri kwa nyumba. Analikanya mwamsangamsanga, anaumba kambale kakuya koti galu azidyeramo, kataumako anakaika pamoto wa m'khitchini. Kanaphulika, zidutswa mpaka m'ndiwo. Ine ndinaseka. Agogo sanaseke. Anatola chidutswa chimodzi, kuchitembenuza, kuchifinya ndi chala mpaka chinanyenyeka, ndipo nkhope yawo inachita chinthu chimene ndinali ndisanachione chimwalirire agogo aamuna: anakwiya. "Ine mwana wa amayi anga, mbale ya galu indikanike? Limeneli si dothi. Mawa ulawire, tikupita kudambo."

Anthu amakonda kunena kuti wamasiye amatonthozedwa ndi mawu abwino. Mawu abwino agogo anawamva ambiri, a kumpingo, a achibale, ndipo anali oona. Koma amene anawachotsa pakhonde ndi manyazi a mmisiri amene ntchito yamuchititsa chipongwe.

Dzenje la mtapo linali litakwiririka, litamera udzu. Analipeza popanda kufunsa munthu. Dothi lapamwamba anataya, anakumba mpaka pamene linasintha mtundu n'kukhala lotuwa, lonanda, lomata kukhasu. Anatapa pang'ono, kulipota pakati pa zikhato, kulipinda mozungulira chala kuti aone ngati lithyoka, kenako analilawa ndi nsonga ya lilime. Tinasenza m'madengu oyala masamba a nthochi, galu patsogolo. Kunyumba dothilo linagona masiku litafundidwa, akuliwaza madzi. Kenako kulisinja, kuchotsa timiyala ndi timizu kamodzikamodzi, chifukwa kamwala kamodzi kotsala kamaswa mphika pamoto. Mapale akale anawasinja n'kusakanizamo kuti dothi lilimbe.

Kuumba kwake ndinakuona pafupi, ndine ndinkagwira chikho cha madzi. Ankakhala pansi, miyendo yotambasula, phale lalikulu pakati. Chibuma cha dothi pa phalepo, chibakera pakati, n'kuyamba kukokera khoma m'mwamba, dzanja lamanzere m'kati, lamanja kunja, phale likuzungulira pang'onopang'ono. Dothi likachepa ankapota lina lalitali n'kuzunguliza pamwamba, kulumikiza ndi chala chachikulu. Kunja ankasalaza ndi chitsononkho, kupala ndi kansungwi, mlomo wa mphika kuukonza ndi kansanza konyowa kopinda pawiri. Tsiku loyamba manja ankanjenjemera, mphika woyamba unapendama, anauphwanya osanena kanthu. Wachitatu unaima. Utauma pang'ono pamthunzi anatulutsa nkhulungo ya amayi awo, kamwala kosalala kamene anakasunga kudenga zaka zonse zija, n'kuyamba kukhuluza mpaka mphika unawala.

Kuwotcha kunkachitika chilimwe, madzulo mphepo ikagona, kunja kwa mudzi. Miphika ankaisanja chogona pa nkhuni, pamwamba makungwa ouma ndi udzu. Moto ukayaka aliyense ankakhala chete, makutu kumoto, chifukwa mphika ukaphulika umamveka. Panali miyambo yake. Mkazi amene ali kumwezi sankayandikira dzenje la mtapo, ndipo woumba wapabanja ankayenera kudzisunga masiku owotcha, apo ayi ankati ndi wotentha, miphika isweka. Zoona kapena ayi, akazi apabanja zinkawavuta, pena mwamuna samva. Agogo ankaseka n'kumati, "Ine ndiye ndinazizira kalekale, moto wanga sunama." Miphika ikapsa ankaikoka ndi ndodo ili yofiira, kuiwaza madzi onyikamo makungwa, n'kuchita mawanga akuda. Akaigogoda ndi chala, wabwino unkalira nge, wong'aluka unkayankha mogonthera. Mbale ya Mwaiwala inatuluka m'moto woyamba womwewo. Anthu anaseka kuti galu wa aNabanda amadyera m'mbale ngati mfumu, koma nkhuku zinagonja.

Mtengo wa mphika unali wosavuta: wogula ankaudzaza chimanga, mawere kapena nyemba, zam'katizo n'kukhala za woumba. Kumsika ankalandira matiki, masheleni ndi makobiri obowola pakati aja. Pasanathe zaka ziwiri nkhokwe ya mayi wamasiye inkadzaza kuposa za ena okhala ndi amuna. Koma chimene ine ndimachikumbukira kwambiri si malonda. Miphika ya pa utsikana wawo, imene inatsalako m'nyumba za abale, inali ngati ya amayi awo, mizere iwiri pakhosi basi. Ya pa umasiye inasintha. Anayamba kulemba paphewa pa mtsuko mphini zonga zimene iwo anatemedwa pa chinamwali, ena kuwatalikitsa khosi, ena kuwaika timakutu. Amayi ena ankati mtsuko ndi wa madzi, zokongoletsa n'zachiyani? Koma ankagula omwewo.

Dothi likatsala ankaumba zoseweretsa, ntchito imene inali ya anyamata oweta mbuzi. Anaumba nkhanga, fulu, galu wogona atapinda mchira, ngakhale njinga ya matayala opindika. Sankagulitsa, ankaziika pamwamba pa khoma m'nyumba. Ndikakumbukira ndimaona kuti sichinali chachilendo kwenikweni. Anamkungwi ankaumba zilengo za dothi zolangira anamwali, ndipo zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene mu 2006 zinalowa m'kaundula wa UNESCO, zina mwa izo zinali za chinamwali, ntchito ya akazi. Chachilendo chinali chakuti agogo ankaumba popanda mwambo wowatuma, chifukwa choti mtima wafuna.

Mwaiwala anakula n'kukhala galu wofiirira, wamakutu oimirira, wosadziwa kusaka ngakhale mbewa. Amuna a uzimba ankamunyoza kuti ndi galu wodya zaulere. Ntchito yake inali imodzi: tambala akalira kachiwiri ankakanda chitseko, ndipo agogo, afune asafune, ankadzuka. Ankayankhula naye tsiku lonse, za mvula, za mtengo wa mchere, za akuchimuna. Ine ndikalowa ankasiya, ngati ndawapeza ndi mlendo. Tsiku lina kudambo galuyo anaima pakamwa pa dzenje n'kuuwa osalola agogo kutsika. Anamukalipira, anamuponyera chibuma, osasuntha. Mnyamata woweta ng'ombe atasuzumira anapeza mphiri itadzipinda pomwe agogo ankaponda. Kuyambira pamenepo agogo akamva wina akunyoza galu wawo ankangoti galu wamkota sakandira pachabe, ngakhale Mwaiwala anali asanafike pa ukota.

Mavuto anabwera ndi chona. Nkhokwe yodzaza imaitana makoswe, ndipo agogo anasinthanitsa kamphika ndi kamwana ka mphaka kakuda. Mayi wokalamba, wogona yekha, woyankhula ndi galu, wokhala ndi tizifanizo tadothi m'nyumba, tsopano ndi chona wakuda. Inu mukudziwa kale kumene nkhaniyi ikulowera. Anali masiku a Chikanga wa ku Rumphi, pamene anthu ankayenda mitunda italiitali kukaombeza za ufiti, ndipo m'midzi aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso lam'mbali. Mwana wina atadwala malungo manong'onong'o anayamba pachitsime. Amene ankawakoleza kwambiri anali amayi aang'ono, mwana wawo weniweni wa agogo, osati mwa nkhanza koma mwa mantha. Ankati chonayo maso ake sali bwino, atayidwe anthu asanatinene.

Alongo awo a agogo, mwini mbumba, anabwera madzulo ena. Anakhala pa mpando, agogo pamphasa.

"Alongo, chonayu bwanji mungomusiya? Pakamwa pa anthu sipatsekeka."

"Alongo, makoswe mudzandigwirira ndinu?"

"Nanga tizidole tija?"

Agogo analowa m'nyumba, anatenga galu wadothi uja n'kuwaika m'manja. Akuluwo anamutembenuza, anayang'ana Mwaiwala amene anagona pomwepo, mchira wopinda chimodzimodzi, n'kuphulika kuseka. Mawa lake anakauza anyakwawa kuti wonena mlongo wawo abwere adzanene pabwalo, ndipo akumbuke kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu kuboma. Lamulo limenelo ndi la 1911, lilipobe mpaka lero, ngakhale kuti silinaletse anthu kuzunza nkhalamba. Agogo anapulumuka chifukwa anali ndi mlongo wolimba mtima, ndiponso chifukwa mudzi unkafuna mbiya zawo. Ena opanda ziwirizi tinawaona akusamutsidwa usiku.

Chaka china kunabuka chiwewe. Alangizi a ziweto analengeza kuti agalu onse amangidwe, wopezeka akuyendayenda awomberedwa. Anthu ambiri sanalabadire, galu anali wotchipa. Agogo anapota chingwe cha luzi, anamanga Mwaiwala pamtengo wa mango, ndipo masiku onsewo kudambo sanapite, anakhala pomwepo kukhuluza miphika kuti galu asalire. Mfuti zinamveka kumudzi wa kutsidya. Alangiziwo atafika kwathu anapeza nkhalamba ndi galu wake pamthunzi, anabaya katemera n'kupita.

Anakalamba limodzi. Galu anayamba imvi kukamwa, agogo mawondo. Ulendo wa kudambo umene kale unali wa kamphindi unasanduka wopumira kawiri, ndipo sizinkadziwika kuti akudikira mnzake ndani. Mano a Mwaiwala atatha agogo ankaphika phala la awiri, lawo m'chikho, lake m'mbale. Nyengo yozizira, ndipo inu mukuidziwa June wa ku Dedza, anayamba kumulowetsa m'nyumba kuti agone pafupi ndi moto, chinthu chimene kumudzi chinali chosamveka. Amayi anadandaula za nthata, agogo anati nthata za galu wawo akuzidziwa. Mwaiwala atafa, anyamata anabwera ndi chingwe kuti akamukokere kuthengo monga mwa nthawi zonse. Agogo anakana. Anamukulunga mu mkeka wakale, anandiuza ine ndi mlongo wanga kuti tikumbe kuseri kwa nkhokwe. Sanalire pamaso pathu, koma sabata imeneyo sanaumbe.

Tinawapezera kagalu kena, kokongola, ka kwa aphunzitsi. Anakayang'ana, anakasisita, n'kuti, "Kabwezeni. Aka kakufuna munthu wa miyendo. Ine ndingakasiye panjira, kadzasowe wokafinyira mkute." Ndinkaona ngati akungokana mwa ukalamba, koma anali atawerengera bwino zaka za galu ndi zawo. Anakhala ndi amphaka, adzukulu a chona wakuda uja, amene sankafuna kuperekezedwa kulikonse.

Nthawiyo n'kuti zinthu zikusintha. Mu 1971 mapaundi ndi masheleni analowedwa m'malo ndi kwacha ndi tambala, ndipo agogo sanazizolowere, ankangoti mudzaze mphikawo chimanga. Mapoto ndi ndowa zinachuluka m'masitolo, atsikana anaona kuti ndowa siisweka ukagwa pachitsime. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha amuna akuno opitirira 70, Kamuzu analetsa za ku Joni, ndipo m'midzi munalowa amasiye atsopano, atsikana ndithu. Awiri a m'dera lathu, amene amuna awo anatsakamira kumigodi osabweranso, ankabwera kudzakhala ndi agogo. Sankawalangiza kanthu. Ankangowakankhira chibuma cha dothi n'kuti, "Chotsamoni miyala." Mmodzi anadzakhala woumba, ndipo mdzukulu wake lero ali m'gulu la amayi oumba mbaula zadothi za chitetezo. Winayo zinamukanika, anakwatiwanso ku Lobi.

Maso atachita khungu agogo anasiya mbiya zikuluzikulu. Ankaumba timiphika ta ndiwo mongopapasa, ndipo tinkatuluka toongoka kuposa tanga ine wopenya. Dothi tinkawatapira ndife, koma ankalilawabe, kangapo anatibweza kuti takumba pamwamba. Anamwalira mu 1975, chaka chimene likulu linasamukira ku Lilongwe, atasiya miphika ingapo yosawotcha pakhonde. Nkhulungo inabwera kwa ine. Tizifanizo tija ana anaseweretsa mpaka tinatha.

Panatsala nkhani ya mmodzi wa amphaka aja. Pa kumeta koyamba palibe anamutchula, mphaka sagawidwa ngati mbuzi. Anakhala masiku angapo m'nyumba yopanda moto, kenako anasamuka yekha kukakhala pansi pa nkhokwe ya amayi aang'ono, omwe aja ankati chona maso ake sali bwino. Anamuthamangitsa ndi tsache kawiri konse. Chaka chimenecho makoswe anavuta mudzi wonse kupatula nkhokwe imodzi, ndipo pofika nthawi yokolola ndinawapeza amayi aang'ono akukalipira mwana wa mnzawo chifukwa chogenda mphaka wawo.